Kusintha Sipuling'i ya Shoko ya Kumbuyo pa Njinga Yamoto

Shoko ya kumbuyo pa njinga yamoto imaoneka ngati chitsulo chimodzi, koma ndi zipangizo ziwiri zomangidwa pamodzi. Choyamba ndi sipuling'i, waya wonenepa wopotedwa mozungulira umene umaonekera kunja uja. Chachiwiri chili m'kati mwa sipuling'iyo: kachubu kodzaza oyilo, kokhala ndi ndodo yonyezimira imene imalowa ndi kutuluka. Amakaniko amakatcha dampa. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera kwa njinga, woyendetsa, wokwera ndi katundu. Dampa sisenza kanthu. Ntchito yake ndi kuletsa njinga kunjanja. Kumapeto kwa ndodo ija kuli pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, ndipo shoko ikamanesa, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo. Mphamvu ya bampu imathera pa kukankha oyiloyo n'kusanduka kutentha. Ndi chifukwa chake shoko imafunda munthu akaikhudza pambuyo pa ulendo wa msewu wafumbi.

Kusiyanitsa ziwirizi kumapulumutsa ndalama. Njinga ikamakhala pansi kumbuyo ngakhale wokwera ali mmodzi, ikamagunda kuti khu pa bampu yaing'ono, kapena tayala likamakhula madigadi, kawirikawiri vuto limakhala la sipuling'i. Koma ikadutsa pa bampu n'kupitiriza kunjanja kawiri katatu isanakhazikike, vuto ndi la dampa, ndipo sipuling'i yatsopano singathetse zimenezo.

Njinga zambiri za kabaza, monga za Bajaj Boxer, TVS, Lifan ndi zina zazing'ono, zili ndi mashoko awiri, ina kumanzere ina kumanja. Kumtunda amamangidwa ku felemu, kumunsi ku mkono wachitsulo umene umagwira tayala la kumbuyo, womwe m'magalaja amautchula kuti swing arm. Njinga zina, makamaka zazikulu ndi zoyenda m'tchire, zili ndi shoko imodzi yokha pakati. Kapangidwe aka kanatchuka mu 1973 pamene Håkan Andersson wa ku Sweden anapambana mpikisano wa dziko lonse wa motocross wa njinga za 250cc pa njinga ya Yamaha yokhala ndi shoko imodzi, nzeru imene anaiyamba ndi Lucien Tilkens wa ku Belgium. Shoko imodziyo imasenza yokha katundu amene awiri akanagawana, ndipo nthawi zambiri imalumikizidwa kudzera m'timikono tachitsulo tomwe timachulukitsa mphamvu yoipanikiza. Choncho sipuling'i yake imakhala yolimba kwambiri, ndipo kuichotsa kumafuna kusamala koposa.

Sipuling'i imatsata lamulo limene Robert Hooke wa ku England anasindikiza mu 1678: kufinyika kwake kumayenderana ndi kulemera koikidwa pamwamba pake. Katundu akawirikiza kawiri, kufinyika nakonso kumawirikiza kawiri. Pa chifukwa ichi kulimba kwa sipuling'i kumalembedwa ngati nambala: makilogalamu amene amafunika kuti ifinyike milimita imodzi. Tiyerekeze sipuling'i yofuna makilogalamu 2 pa milimita iliyonse. Njinga ya mashoko awiri otere imafuna makilogalamu 4 kuti itsike milimita imodzi, motero thumba la chimanga la makilogalamu 50 loikidwa pamwamba penipeni pa mashoko limaitsitsa mamilimita 12 kapena 13. Makampani ena amalemba nambalayi m'manyutoni pa milimita, ndipo manyutoni 10 ndi pafupifupi kilogalamu imodzi.

Kulimba kumeneku kumachokera pa zinthu zitatu: kunenepa kwa waya, kukula kwa bwalo limene waya wazungulira, ndi kuchuluka kwa makoyilo. Makoyilo akachepa sipuling'i imalimba. Bwalo likakula imafewa. Koma chachikulu pa zonse ndi kunenepa kwa waya, chifukwa kusintha pang'ono chabe kumabweretsa kusiyana kwakukulu. Masipuling'i awiri ofanana pa zonse, ina ya waya wa mamilimita 7 ndi ina ya mamilimita 8, amasiyana kulimba ndi 70 pa 100. Maso sangaone milimita imodziyo pa shelefu ya sitolo, koma msana wa wokwera umaimva ulendo woyamba womwe. Apa ndi pamene kugula sipuling'i poiyang'ana chabe kumalakwitsa anthu ambiri.

Pali zifukwa zitatu zimene sipuling'i imasinthidwira. Choyamba ndi kutopa. Chitsulo chikamafinyika mpaka pamapeto tsiku ndi tsiku chifukwa cha katundu wopitirira muyeso, sipuling'i imafupika osabwereranso pa msinkhu wake wakale. Chachiwiri ndi dzimbiri ndi ming'alu. Miyala yothamangitsidwa ndi tayala imasupula penti, matope a nyengo yadzinja amakakamira pamenepo, ndipo timaenje ta dzimbiri timasanduka poyambira mng'alu. Sipuling'i yotere imathyoka mwadzidzidzi, kawirikawiri chakumunsi kumene madzi ndi matope zimakhazikika. Chachitatu ndi kusagwirizana kwa sipuling'i ndi ntchito ya njinga. Sipuling'i ikhoza kukhala yabwinobwino koma yofewa kwa munthu wamkulu thupi, kapena kwa njinga imene tsiku lonse imanyamula wokwera ndi katundu wake. Ikhozanso kukhala yolimba mopitirira kwa munthu wopepuka woyenda yekha.

Pa chifukwa chachitatuchi pamakhala kusamvetsa kumene kumafunika kukonzedwa. Kumapeto kumodzi kwa sipuling'i kumakhala mphete yosinthira. Pa mashoko awiri aja mpheteyo imakhala ndi masitepe, kawirikawiri asanu. Pa shoko imodzi pamakhala mphete ziwiri zoyenda pa mazinga, ina yosinthira ina yotsekera. Anthu ambiri amati kukweza mpheteyi ndi kulimbitsa shoko. Zoona zake n'zakuti mpheteyi simasintha kulimba kwa sipuling'i ngakhale pang'ono. Imangoifinya pasadakhale, kuti njinga iyambe kutsika pokhapokha katundu wapitirira mlingo wina. Zotsatira zake ndi zakuti kumbuyo kwa njinga kumakwera. Sipuling'i yofuna makilogalamu 2 pa milimita imafunabe makilogalamu 2 omwewo, kaya mphete ili pa sitepe yoyamba kaya yachisanu. Mphete ikafika pa sitepe yomaliza njinga n'kumakhalabe pansi, ndiye kuti sipuling'iyo yachepa mphamvu, ndipo nthawi yoisintha yakwana.

Njira yodziwira zimenezi mosakayika ndi kuyeza. Pamafunika tepi yoyezera, cholembera ndi anthu awiri othandiza. Malo awiri amasankhidwa: pakati pa bawuti yaikulu ya tayala la kumbuyo, ndi kadontho kolembedwa pa felemu kapena pa kaliyala molunjika pamwamba pake. Muyeso woyamba umatengedwa njinga ili pa sitandi ya pakati, tayala lili m'malere, mashoko atatambasuka onse. Wachiwiri umatengedwa njinga itatsitsidwa pansi, itaimirira chilili popanda munthu. Wachitatu umatengedwa woyendetsa atakhala pa mpando monga amakhalira pa ulendo, mapazi ali pa zopondera, mnzake atagwira njinga kutsogolo kuti isagwe. Asanayeze, njinga imanesedwa kamodzi kapena kawiri kuti ikhazikike.

Amene ali ndi cholembera angalembe chitsanzo ichi. Muyeso woyamba ndi mamilimita 400, wachiwiri 392, wachitatu 370. Njinga payokha yatsika mamilimita 8, ndipo ili ndi woyendetsa yatsika mamilimita 30. Lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi lakuti njinga yokhala ndi woyendetsa itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala limatha kunesa. Ngati mtunda wonsewo ndi mamilimita 90, ndiye kuti 30 ali bwino. Magawo awiri otsalawo ndi olandirira mabampu, ndipo gawo lotsika kale lija ndi limene limalola tayala kutsikira m'dzenje osasiya nthaka.

Miyeso iwiri ya kutsika ija, ya njinga payokha ndi ya njinga yokhala ndi woyendetsa, ikawerengedwa pamodzi imaulula ngati sipuling'i ndi yoyenera. Ngati pofuna kupeza mamilimita 30 aja pafunika kukweza mphete kwambiri mpaka njinga payokha sikutsikanso n'komwe, sipuling'iyo ndi yofewa. Ngati mphete yamasulidwa mpaka pamapeto koma woyendetsa akakhala njinga sikufika pa 30, pamene payokha ikutsika kwambiri, sipuling'iyo ndi yolimba. Wa kabaza amachita bwino kutenganso muyeso wachinayi ali ndi wokwera kumbuyo, popeza umu ndi mmene njinga yake imakhalira nthawi yambiri ya tsiku.

Sipuling'i yatsopano iyenera kufanana ndi yoyamba pa kutalika kwake isanafinyidwe ndi pa kukula kwa m'kati mwake kumapeto onse awiri. Yaifupi imasiya mpata n'kumagwedera shoko ikatambasuka. Yaitali kapena ya waya wonenepa kwambiri makoyilo ake amagundana shoko isanafike pamapeto, ndipo kugunda kotero kumathyola zomangira. Yothina m'kati imakhula thupi la dampa. Buku la njinga limatchula kutalika koyenera, ndipo masipuling'i a makampani odziwika monga Öhlins a ku Sweden ndi YSS a ku Thailand amakhala ndi manambala osindikizidwa pa koyilo. Masipuling'i ena makoyilo ake ndi oyandikana mbali imodzi, otalikirana mbali inayo. Oterewa amayamba mofewa n'kumalimba akamafinyika, ndipo amathandiza njinga imene nthawi zina imayenda ndi munthu mmodzi, nthawi zina awiri. Njinga zina za Bajaj zili ndi masipuling'i awiri pa shoko iliyonse, ina m'kati mwa inzake, zomwe kampaniyo imazitcha SNS. Pa njinga ya mashoko awiri, masipuling'i amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi. Yatsopano mbali ina ndi yotopa mbali inayo zimapotoza mkono wa tayala ndi kudya mabushi.

Pali njira zachidule zimene zimaoneka m'magalaja ena ndipo zonse ndi zowononga. Kutenthetsa sipuling'i pa moto n'kuikoka kuti italike kumachotsa kukhwima kwa chitsulo, ndipo imafupikanso msanga kapena kuthyoka. Kuwotcherera sipuling'i yothyoka kumasiya malo ofooka pambali pa chowotcherera. Kutsekera zidutswa za matayala pakati pa makoyilo kumachepetsa mtunda wonesa. Kudula makoyilo kumailimbitsadi, koma kumaifupikitsa ndi kuononga mapeto osalala amene amakhala pa mphete. Ndipo sipuling'i yolimba sikweza muyeso wa katundu umene wopanga njinga analemba. Felemu, masipoko, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwe zija.

Zida zofunika ndi masipanala oyenera mabawuti a shoko, sipanala yokhota ngati chikwakwa yotembenuzira mphete, chida chofinyira sipuling'i, vaisi, oyilo wofewetsa dzimbiri, girizi, nsanza, ndi magalasi oteteza maso. Chida chofinyiracho chiyenera kukhala cha njinga yamoto. Za galimoto zimakhala ndi ngowe zazikulu zimene sizilowa bwino pakati pa makoyilo ang'onoang'ono, ndipo zimatha kuterereka.

Kuopsa kwa ntchitoyi kumamveka bwino ndi manambala. Sipuling'i ya shoko imodzi ikhoza kufuna makilogalamu 9 pa milimita. Ngati inafinyidwa pasadakhale mamilimita 10, ndiye kuti ikukankha ndi mphamvu ya makilogalamu 90 ngakhale shokoyo itagona pa tebulo. Poifinyanso mamilimita ena 10 kuti chotsekera chimene chimaigwira pa shoko chituluke, mphamvuyo imafika makilogalamu 180, kuposa matumba atatu a chimanga. Chida chikaphonya, mphamvu yonseyo imafwamphuka pa kamphindi. Zala zimathyoka ndipo tizitsulo timauluka kulunjika kumaso. Kufinya sipuling'i ndi waya, chingwe cha labala kapena kuikanikiza ndi thupi mnzako akusolola chotsekera ndi sikuludiraiva n'kuika moyo pachiswe. Amene alibe chida choyenera achotse shoko yonse pa njinga n'kupita nayo kwa makaniko amene ali nacho.

Mashoko ena ali ndi mpweya wa nayitrojeni m'kati, nzeru imene Christian Bourcier de Carbon wa ku France anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1950. Ambiri amadziwika ndi kabotolo kachitsulo pambali, ngakhale ena alibe. Mpweyawo umakhala wopanikizidwa pafupifupi mabaa 10, kasanu kuposa wa m'tayala la njinga. Kusintha sipuling'i sikukhudza mpweyawu. Vavu yake isatsegulidwe, ndipo thupi la shoko lisaboolewe, lisatenthedwe kapena kuwotchereredwa.

Ntchito imayamba ndi kutsuka. Matope a pa mphete ndi pa mazinga amachotsedwa ndi madzi ndi burashi, kenako mabawuti amathiridwa oyilo wofewetsa dzimbiri n'kusiyidwa kwa kanthawi. Njinga imaimikidwa pa sitandi ya pakati pa malo olimba ndi osalala, injini ndi ekizozi zitazizira. Pansi pa tayala la kumbuyo pamaikidwa thabwa lokwanira kuchirikiza tayalalo popanda kulikweza, kuti bawuti isapanikizike poisolola ndiponso kuti tayala lisagwe n'kukoka paipi ya buleki. Njinga yopanda sitandi ya pakati imachirikizidwa pansi pa felemu, osati pa mkono wa tayala, chifukwa mkonowo uyenera kukhala womasuka.

Shoko isanachoke, sitepe imene mphete ili imalembedwa, kapena kutalika kwa sipuling'i ili pamalo pake kumayezedwa. Kujambula chithunzi ndi foni kumathandiza kukumbukira mmene mawashala anakhalira. Kenako mphete imamasulidwa mpaka pofewa penipeni, ndipo izi zimaphweka shoko ikadali pa njinga chifukwa felemu imaigwira. Mphete ya masitepe imatsitsidwa sitepe imodziimodzi, osadumpha kuchoka pa 5 kupita pa 1. Ya mazinga imayamba ndi kumasula yotsekera.

Bawuti ya kumunsi ndiyo imayamba kuchoka, kenako ya kumtunda. Pa njinga zambiri zazing'ono kumtunda kumakhala chitsulo chotuluka ku felemu chokhala ndi nati, ndipo kaliyala amamangidwa pomwepo, motero amafunika kumasulidwa kaye. Mbali ya ekizozi nthawi zina imafuna kuti ekizoziyo isunthidwe pang'ono. Pa njinga ya mashoko awiri ndi bwino kugwira imodzi, kuimaliza ndi kuibwezera inayo isanakhudzidwe, chifukwa yotsalayo imachirikiza njinga ndipo imakhala chitsanzo cha mmene zinthu zimalumikizirana. Shoko imodzi ya pakati imafuna kuchotsa mpando ndi zophimba za m'mbali, ndipo nthawi zina kumasulanso timikono ta kumunsi.

Shoko ikachoka imamangidwa pa vaisi pogwira diso lake la kumunsi (bowo lolowamo bawuti), pakati pataikidwa timatabwa kapena nsanza. Chubu cha dampa sichipanidwa pa vaisi, popeza kuphwanyika pang'ono chabe kumagwira pisitoni m'kati. Pa mashoko ena a mazinga, mphete zikamasulidwa mpaka pamapeto sipuling'i imamasuka yokha ndipo chida chofinyira sichifunikanso. Pa ena onse chidacho chimakoledwa molimba. Ngati ndi cha ngowe ziwiri, zimaikidwa moyang'anizana, ndipo zimamangidwa mosinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti sipuling'i isapindike. Nkhope ya munthu isakhale molunjika ndi mutu wa shoko. Sipuling'i imafinyidwa mongokwanira kuti chotsekera chimasuke, kawirikawiri mamilimita 10 kapena kupitirira pang'ono.

Zotsekera zili mitundu itatu. Pali cha tizidutswa tiwiri tokhala ngati mwezi wogawidwa pakati, tomwe timatuluka kamodzikamodzi. Pali cha mbale imodzi yokhala ndi mpata, imene imasololedwa cham'mbali kudutsa pa ndodo, labala yolandirira kugunda itatsitsidwa kaye. Ndipo pali mashoko amene diso la kumtunda limamangidwa pa mazinga a ndodo, pansi pake pali nati yotsekera. Pa amenewa nati imagwiridwa ndi sipanala yopyapyala, diso n'kumasulidwa. Ndodo yonyezimira ija isagwiridwe ndi pulayazi ngakhale nati itavuta chotani. Kachipsera kamodzi pa ndodo kamadula labala yotsekera oyilo nthawi iliyonse shoko ikanesa, ndipo dampa imayamba kudontha. Tizidutswa ta chotsekera timatoledwa ndi kachitsulo kapena maginito, osati ndi zala.

Chotsekera chikachoka, chida chimamasulidwa pang'onopang'ono mpaka sipuling'i itatambasuka yonse. Zonse zochoka zimandandalikidwa pa nsanza motsatana monga zatulukira, ndipo mbali imene makoyilo oyandikana analoza imalembedwa. Sipuling'i yakale imaimikidwa pambali pa yatsopano n'kuyezedwa. Apa ndi pamene kutopa kwake kumaoneka ndi maso.

Dampa ikakhala yopanda sipuling'i ndi nthawi yokhayo imene ingayesedwe bwinobwino, ndipo gawo ili ndi limene limaonetsa ngati ntchito yonse ili ndi phindu. Ndodo imapukutidwa n'kuyang'aniridwa pa kuwala: isakhale yopindika, ya timaenje ta dzimbiri kapena yosupuka. Pamene ndodo imalowera m'chubu pasakhale oyilo. Fumbi lonyowa lomatirira pamenepo ndi chizindikiro chakuti oyilo wakhala akutuluka kwa nthawi. Kenako dampa imaimikidwa chilili monga imakhalira pa njinga, ndodo n'kukankhidwa ndi kukokedwa ndi manja kangapo. Dampa yamoyo imakaniza mofanana kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo imalimba kwambiri poikoka kusiyana ndi poikankha, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kugwira sipuling'i pobwerera. Ikamalowa ndi kutuluka mopepuka ngati pampu yopopera njinga yakapalasa, kapena ikamadumpha malo ena mopanda kukaniza kwinaku ikulira thovu, ndiye kuti yatha. Ya mpweya ndodo yake imabwerera yokha ikakankhidwa. Ikapanda kubwerera, mpweya unathawa.

Madampa ambiri a njinga zazing'ono ndi omata, osatsegulika, motero akatha mankhwala ake ndi kugula mashoko athunthu awiri. Kuveka sipuling'i yatsopano, makamaka yolimba, pa dampa yakufa kumaipitsa zinthu kuposa poyamba: sipuling'i imabweza mwamphamvu popanda choigwira, tayala limadumpha pa msewu wa mabampu otsatizana, ndipo tayala limene lili m'malere silingagwire buleki kapena kukhota. Ngakhale dampa yamoyo ili ndi malire. Sipuling'i ikalimba kwambiri kuposa yoyamba, dampa yopanda chosinthira imalephera kuilamulira. Mabushi a labala a m'maso a shoko ndi labala yolandirira kugunda amayang'anidwanso pa nthawi yomweyi, ndipo ong'aluka kapena ophwanyika amasinthidwa.

Pobwezera, mazinga kapena masitepe a mphete amatsukidwa n'kupakidwa girizi pang'ono. Mphete imaikidwa pofewa penipeni, ndodo imakokedwa mpaka pamapeto, ndipo sipuling'i yatsopano imalowetsedwa molozera mbali imene yakale inaloza. Kachubu ka pulasitiki kokhala pakati pa sipuling'i ndi dampa, ngati kalipo, kasaiwalike, chifukwa ndi kamene kamaletsa zitsulo kukhulana. Ngowe za chida zikakulungidwa ndi tepi kapena nsanza siziononga penti. Sipuling'i imafinyidwa, chotsekera chimalowetsedwa, ndipo chida chimamasulidwa pang'onopang'ono maso ali pa chotsekeracho. Chiyenera kukhala m'malo mwake mozungulira monse, osapendekeka. Mpata wa mbale ija usagwere pamene waya wa sipuling'i wathera. Utembenuzidwe kuti uloze mbali ina. Pa mashoko a diso la mazinga, diso limamangidwa mpaka pamene linali, ndipo nati yotsekera imalimbitsidwa bwino. Maso awiri a shoko amalunjikitsidwa kuti aloze mbali imodzi chida chisanamasulidwe kotheratu.

Shoko imabwerera pa njinga kuyambira kumtunda. Tayala limakwezedwa kapena kutsitsidwa pang'ono ndi thabwa lija kuti bowo la kumunsi ligwirizane, ndipo bawuti iyenera kulowa ndi dzanja. Yolowa ndi hamala imaononga mazinga ndi bushi. Mawashala amabwerera monga analili. Mabawuti amamangidwa mongogwira kaye, njinga imatsitsidwa pa sitandi n'kunesedwa, ndipo kulimbitsa komaliza kumachitika njinga ili pa matayala ake. Bushi ya labala yolimbitsidwa tayala lili m'malere imakhala yopotoka nthawi zonse njinga ikasenza katundu, ndipo imang'aluka msanga. Mlingo wolimbitsira bawuti iliyonse uli m'buku la njinga, ndipo sipanala yoyeza mphamvu, kumene ilipo, ndi yoyenera kugwiritsidwa ntchito. Nati ya kumtunda yolimbitsidwa mopitirira imadula chitsulo chowotchereredwa ku felemu chija, ndipo kukonza kwake ndi ntchito ina yaikulu.

Miyeso itatu ija imatengedwanso pa malo omwe aja. Mphete imakwezedwa sitepe imodziimodzi, kapena kuzunguliridwa pa mazinga, mpaka njinga yokhala ndi woyendetsa itatsika gawo limodzi mwa atatu. Pa mashoko awiri mphete zonse zikhale pa sitepe yofanana. Pa mphete za mazinga, yotsekera imamangidwa molimba pa inzake. Manambala atsopanowa amalembedwa n'kusungidwa.

Kumbuyo kwa njinga kukakwera, zinthu zina zimasintha nako. Tcheni chimayezedwanso kulendewera kwake monga buku likunenera, popeza chimalimba mkono wa tayala ukamakwera, ndipo tcheni chothina chimaletsa shoko kunesa ndi kudya mabering'i. Pa njinga za buleki ya ndodo, chopondera chimayesedwa kuti buleki isagwire yokha njinga ikanesa. Nyali ya kutsogolo imene poyamba inkawala m'mwamba chifukwa cha kumbuyo kotsika tsopano imaloza pansi, motero imalunjikitsidwanso. Njinga ikaimikidwa pa sitandi ya m'mbali imapendekeka kuposa kale, ndipo pa nthaka yofewa pamafunika kusamala.

Ulendo woyesera umakhala waufupi, wapang'onopang'ono, pa msewu wodziwika wokhala ndi mabampu angapo, woyendetsa ali yekha ndipo atavala chipewa chake. Njinga iyenera kutsika pa bampu, kubwerera kamodzi n'kukhazikika, popanda kugogoda kapena kulira kwa zitsulo zokhulana. Kenako ulendo umabwerezedwa ndi wokwera kumbuyo. Pobwera, mabawuti onse amayesedwanso ndi sipanala, chotsekera chimayang'anidwa ngati chidakali m'malo, ndipo m'kati mwa madigadi mumaonedwa ngati tayala lakhudzamo. Sipuling'i yatsopano imatha kukhazikika pang'ono m'masiku oyamba, choncho pakatha sabata imodzi kapena ziwiri miyeso imatengedwanso n'kuyerekezedwa ndi manambala osungidwa aja, ndipo ngati njinga yatsika, mphete zonse ziwiri zimakwezedwa sitepe imodzi.